Memole Yaperewera

Amalume atatuluka m'chipatala ku Zomba, mayi anandituma kuti ndikakhale kwawo, kumunsi kwa mishoni. Ndinali nditangomaliza mayeso a folomu folo, ndipo kwathu kumtunda tinali titakolola kale. Mayi anati azakhali, akazi awo a amalumewo, sangathe okha kudzutsa munthu wamkulu n'kupita naye kubafa. Anandilangiza kuti ndikakhale womvera, ndisakayankhe akuluakulu. Malangizowo sanali ofunika kwenikweni, poti ine ngakhale kusukulu aphunzitsi ankachita kundiuza kuti ndikweze mawu.

Sitiroko inawagwira mbali ya kumanja. Mwendo unkakwakwaza pansi koma unkayenda. Pakamwa panapotoka pang'ono, mawu n'kumatuluka olemera ngati a munthu wongodzuka kumene. Vuto lalikulu linali dzanja. Linkangokhala pantchafu, zala zitapindikira mkati. Adokotala a mafizo anawauza azakhali mosabisa kuti dzanja lotere likapanda kugwira ntchito m'miyezi yoyambirira limauma, ndipo likauma silibwereranso. Anawapatsa kampira koti azifinya, n'kuwauzanso kuti azitola nyemba imodziimodzi kuchoka m'mbale ina kuika m'mbale ina.

Amalume anakana zonsezo. Kampira anakaponya kunsi kwa bedi ndi dzanja lamanzere. Za nyembazo anati iwo sanapume pantchito kuti adzayambe sukulu ya mkombaphala. Anali atagwira ukalaliki zaka zambiri mu ofesi ina ku Zomba, ndipo kumpingo anali mkulu. Anazolowera kuti iwo ndiwo auze anthu chochita. Azakhali akayamba za mafizo, amalume ankatembenukira kukhoma kapena kukweza wailesi.

M'nyumbamo munalinso mwana wawo wamkazi, msuweni wanga, wondiposa zaka pang'ono. Iye ankagulitsa mpunga pamsika wa pa Songani, kuchoka m'mawa n'kubwera dzuwa litapendeka. Mwa chisuweni ankanditcha mwamuna wake, ndipo ankachita dala pamaso pa alendo chifukwa ankadziwa kuti ndiyang'ana pansi.

Pakona ya pabalaza panali kompyuta, itafunditsidwa nsalu yoluka, pamwamba pake pali maluwa apulasitiki. Amalume anapatsidwa popuma ntchito, ofesi itagula zatsopano. Tsiku lina m'mawa azakhali atawaumiriza kwambiri za kampira, amalume analoza pakonapo ndi chibwano.

“Mukufuna zala zigwire ntchito? Mwanayu andiyatsire gemu yanga ija. Ikayaka ndiyamba.”

Azakhali anangotola makapu n'kutuluka. Amalume anandifotokozera kuti kale ku ofesi, nthawi ya nkhomaliro, ankasewera gemu ya kamunthu kothamanga m'mapanga, kakudumpha maenje ndi kutola makiyi. Dzanja lamanja linkakayendetsa, lamanzere n'kumakadumphitsa. Anati mu ofesi monsemo panalibe wowaposa. Aka kanali koyamba kuwamva akulankhula mawu ambiri chotero chibwerereni kuchipatala, ndipo ine ndinasangalala kuti andipatsa ntchito yooneka.

Za kompyuta sindinkadziwa zambiri. Kusukulu kwathu zinalipo zochepa, ndipo kawirikawiri tinkangoimirira kumbuyo kwa aphunzitsi n'kumaonerera. Komabe ndinachotsa nsalu ija, ndinapukuta fumbi, ndinalumikiza zingwe molingana ndi mabowo ake. Nditadina batani inayamba kulira ngati chigayo chakutali, mphemvu ziwiri n'kutuluka kumbuyo. Sikirini yake inali yachimimba, yolemera ngati thumba la feteleza. Inayaka yakuda, ndi tizilembo toyera. Amalume ali pampando anandiuza zoti ndilembe, chilembo ndi chilembo. Sikirini inaphethira, kenako panatuluka mzere umodzi wa Chingerezi. Ndinawerenga kawiri, ndipo ndinamasulira mokweza kuti onse amve.

“Ikuti memole yaperewera.”

Liwu limenelo ndi limene linabweretsa zonse zotsatira. Kwathu kuno memole aliyense amaidziwa. Ndi kanthu kakang'ono ngati chikhadabo, kolowetsa m'foni, komwe umapita nako pa Songani kwa anyamata obena nyimbo kuti akakudzazire makwaya kapena mafilimu. Azakhali, amene anali pakhomo, anati ngati vuto ndi limenelo ndiye palibe vuto. Anatsegula kumbuyo kwa foni yawo ndi chikhadabo, n'kundipatsa memole yawo. Ndinazungulira kompyuta yonse kufuna poilowetsa. Kutsogolo kunali kakamwa ka madisiki akale aja a makona anayi, ndi kathireyi ka sidi. Kumbuyo kunali mabowo a mano ambirimbiri. Ndinanena motsitsa kuti sindikuona pomwe ingalowe. Azakhali anati ndifune bwino, anthu opanga zinthu sangaiwale bowo.

Mawa lake ndinatsagana ndi msuweni wanga pa Songani. Anandisiya pa kashopu ka mnyamata wina wobena nyimbo, pomwe sipika inkalira mpaka m'mimba. Ndinachita kubwereza katatu kuti andimve. Iye asanamvetse n'komwe anali atatulutsa kale mamemole, akundiuza kuti nditenge yaikulu kwambiri, imeneyo singaperewere ngakhale nditaikamo mafilimu a chaka chonse. Nditamuonetsa chithunzi cha kompyutayo pafoni, anaseka mpaka kuitana mnzake wa shopu yometera.

“Aise, chimenechi chimayendera magetsi kapena makala?”

Koma sanali munthu woipa. Anandibwereka kachipangizo koikamo memole n'kulumikiza ku kompyuta, nati ndikayese. Kunyumba nako kanasowa polowa. Ndinakabweza tsiku lomwe ndinapita kukagula sopo.

Zikanathera pomwepo, koma sabata imeneyo mapemphero a mlaga anachitikira kunyumba kwa amalume, monga zimakhalira pakakhala matenda. Atatha kuimba ndi kupemphera, mayi wina anafunsa mmene mafizo akuyendera. Azakhali anafotokoza kuti bambo akudikira makina awo, koma makinawo akuti memole yaperewera. Anthu anagwedeza mitu mwachisoni. Ine ndinali pakhomo ndi beseni la madzi osamba m'manja, ndipo sindinaone mpata woti n'kulowererapo pa nkhani ya akuluakulu.

Kuyambira tsiku lotsatira, odzazonda matenda anayamba kubwera ndi mamemole. Kale ankabwera ndi nthochi, shuga pang'ono kapena mbatata. Tsopano munthu ankati akapereka moni, n'kufunsa mmene odwala agonera, ankamasula pamfundo ya chitenje kapena kupisa m'thumba la malaya, n'kutulutsa kapepala kopindapinda. Ankandiitana ine, poti zinali zitamveka kuti dokotala wa makinawo ndine. Ndinkagwada n'kulandira ndi manja awiri. Chinthu chobwera nacho munthu kwa wodwala sichikanidwa. Ungamuuze bwanji bambo wa imvi, amene wayenda wapansi kuchokera kutsidya kwa mtsinje, kuti chimene wabweretsa n'chopanda ntchito? Ndinkathokoza, n'kulemba pakapepalapo mwini wake, n'kuika m'kambale pamwamba pa kompyuta.

Amene ankandivuta mumtima anali mayi wina wachikulire, wamasiye, wokhala yekha pafupi ndi madimba. Foni yake inali yamabatani, yomangidwa ndi labala, ndipo aliyense ankadziwa kuti mayiyo amalima akumvera nyimbo za kwaya, foni ili m'chitenje pachifuwa. Pondipatsa memole yake anati, “Yanga ndi yaing'ono, mwananga, koma muphatikize ndi za anzangazo, kapena n'kukwana.” Masiku otsatira ndikamapita kukathirira ndiwo ndinkamuona akulima mwakachetechete. Akandiona ankaweramuka n'kufunsa ngati zathandiza. Ndinkayankha kuti tikuyesabe.

Msuweni wanga yekha ndiye ndinamuuza zoona, kuti timamemole timeneti tilibe polowa ndipo sitidzalowa. Anaseka mpaka kukhala pansi. Anati mwamuna wake watsegula banki ya nyimbo, ndipo posachedwa mudzi wonse ukhala chete ngati pamaliro a munthu wosapemphera. Kenako anakawauza amayi ake. Azakhali ananena kuti kubweza tsiku lomwelo kungakhale chipongwe. Memole iliyonse igone m'nyumbamo masiku angapo, kenako ndikaibweze ndekha kwa mwini wake. Ndipo popeza mbale yobwera ndi chakudya sibwerera yopanda kanthu, ndizipita ndi kambale ka mpunga kapena mapapaya awiri. Motero pa ntchito zanga panaonjezekera ina, yoyenda m'makomo masana dzuwa likuswa mtengo, kukhala pamkeka, kufotokoza mmene odwala aliri, ndi kuthokoza chifukwa cha chithandizo. Ya mayi wa kumadimba ija ndinaibweza poyamba. Ena pondilandira ankandiuza kuti mlamu wawo ali ndi ina yaikulu, abwera nayo Lachiweru.

Nthawi yonseyi ndinali ndikufufuza pafoni yanga. Netiweki inkagwira bwino pachulu cha kuseri kwa khola, ndiye ndinkakhala pamenepo ndikapeza mpata. Ndinalemba mzere wa Chingerezi uja monga momwe unalili, ndipo kunatuluka zokambirana za anthu akunja, zolembedwa kalekale, ena akufunsa ena akuyankha mokalipa. Chingerezi chake sichinali cha m'mabuku a kusukulu. Ndime imodzi ndinkaiwerenga mobwerezabwereza, bandulo n'kutha ndisanamvetse. Mutu unkawawa. Koma pang'ono ndi pang'ono zinayamba kulowa, ndipo ndinadzifotokozera ndekha motere.

Kompyuta ili ndi nkhokwe, ilinso ndi lichero. Nkhokwe ndi mosungira, ndipo memole ya m'foni ndi nkhokwe basi. Lichero ndi pomwe imagwirirapo ntchito. Munthu angamange nkhokwe zambiri bwanji, mpunga wopeta nthawi imodzi ndi wokhawo wokwana m'lichero. Tsono pulogalamu yakale yoyendetsa kompyuta ya amalume inali ndi lichero laling'ono lomwe silikula, ngakhale mutaonjezera zotani mkati. Ikamayaka imawerenga timafayilo tiwiri tolembedwa mizeremizere, ndipo mzere uliwonse umaitana kanthu kuti kadzakhale m'licheromo. Kena n'koyendetsa sidi, kena n'ka mawusi yolozera zinthu pasikirini, kena n'ka mawu a m'sipika, ndi tina tomwe mpaka lero sindidziwa ntchito yake. Gemu ikamafika imapeza malo atatha. Mankhwala ake sanali kuonjezera chilichonse ayi. Kunali kuchotsa.

Kuchotsako ndi kumene kunkandiopsa. Kompyuta inali ya eni ake, ndipo ine ndinaleredwa kuti chinthu cha eni suchigwiragwira. Anthu a pafoni aja ankati ukalemba kaliwu kena kakafupi kutsogolo kwa mzere, kompyuta imaulumpha mzerewo osauwerenga. Ndinayamba ndajambula mizere yonse ndi foni kuti ndikasokoneza ndidziwe pobwerera. Kenako ndinkatseka mzere umodzi, kuzimitsa, kuyatsa, kudikira chigayo chija chimalize kulira, kulemba dzina la gemu. Mzere wa Chingerezi womwe uja. Tsiku lina ndinatseka mzere wolakwika, malo m'malo mochuluka anachepa. Tsiku linanso kiyibodi inayamba kulemba zilembo zina ndikadina zina, ndipo thukuta linandituluka mpaka nditabwezeretsa. Nthawi zambiri magetsi ankazima ndili pakati, osabweranso mpaka mawa lake, ndipo akabwera ndinkakhala ndili kudimba kapena kuchigayo.

Masiku ankafanana. M'mawa kutenthetsa madzi, kuwadzutsa amalume, kuwagwirira popita kubafa, kuwapukuta msana, kuwaveka malaya kuyambira mkono wodwalawo. Kutaya ndowa. Kuthirira ndiwo. Kubweza memole ya wina. Miyendo inkalemera, ndipo nthawi zina ndinkasinza pamaso pa kompyuta ikuyaka, n'kudzidzimuka itazima kale. Madzulo aliwonse amalume ankandifunsa funso limodzi, ngati yayaka. Ndinkayankha ndikuyang'ana pansi kuti sinayake. Iwo ankati chabwino mphwanga, usadandaule, zinthu zakale n'zovuta. Sankakalipa ngakhale pang'ono. Ndinkaona ngati akundimvera chisoni, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa kukalipiridwa.

Dzanja ndinkalisambitsa ndine, choncho ndinkadziwa mmene likuyendera. Poyamba zala zinkatambasuka ndikazikoka pang'onopang'ono m'madzi ofunda. Nyengo yozizira itatha zinayamba kukana. Ndinkachita kulowetsa chala changa mokakamiza kuti ndipukute m'chikhatho, ndipo mkatimo munkanyowa n'kumanunkha ngati nsalu yoiwalika m'ndowa. Zikhadabo zinayamba kusiya mabala m'chikhatho. Ndinkaziwenga ndi lezala, mtima uli m'mwamba. Amalume nthawi imeneyo ankayang'ana kudenga, ngati dzanjalo ndi la munthu wina.

Tsiku lina tikuchapa zofunda kuseri kwa nyumba, ndinawapepesa azakhali kuti ndikuchedwetsa mafizo. Iwo anayankha akufinyabe bulangete.

“Mwanawe, chibwerereni makinawo m'nyumba muno, gemu imeneyo sinayakepo. Anayesa iwo, anayesa mnzawo wina wa ku ofesi, anaisiya. Akudziwa bwinobwino kuti siyaka.”

Ndinaima ndi sopo m'manja. Ndinakumbukira chabwino mphwanga wa madzulo aliwonse uja, ndipo ndinamva kutopa kwa mtundu wina, kosachokera m'miyendo. Ndinafunsa ngati ndisiye.

“Usasiye. Iyake. Ndikufuna ndimve chimene anene.”

Sindinawakwiyire amalume, kapena mwina sindinkadziwa kukwiyira munthu wamkulu. Koma kuyambira tsiku limenelo mantha ogwira chinthu cha eni anachepa. Ndinatseka mzere wa sidi, poti sidi panalibe. Ndinatseka wa mawusi, poti kamunthu kaja kankayendera mabatani. Ndinapeza lamulo lina lofunsa kompyuta kuti m'lichero mwatsala malo ochuluka bwanji, ndipo ndinaona kuti mzere uliwonse ndikautseka malo ankakwera pang'ono. Ndinasuntha tina n'kutikankhira kumalo ena omwe anthu a pafoni aja ankati ndi kumwamba. Zinayandikira, koma zinkaperewerabe pang'ono. Unatsala mzere umodzi waukulu, wa mawu. Ndinkauzemba dala, poganiza kuti gemu yopanda mawu singakhale gemu. Tsiku lina masana, kukutentha moti malata ankathetheka, ndinautseka.

Sikirini inaphethira monga mwa masiku onse. Ndinali nditayamba kale kutambasula dzanja kuti ndizimitse. Kenako panabwera mitundu, yobiriwira ndi yofiirira, mapanga, makwerero, ndi kamunthu kakang'ono kataima kumanzere kakuphethira maso. Sipika inali duu. Ndinakhala kanthawi ndikungoyang'ana. Ndinkayembekeza kuti ndidumpha ndi chimwemwe, koma ndinangomva ngati ndatula mtolo wa nkhuni, khosi likadali kuwawa.

Tsikulo msuweni wanga sanapite kumsika. Iye ndi amayi ake anali pakhonde akusankha mpunga. Ndinawauza iwo poyamba, kenako ndinalowa kuchipinda, ndinagwada pambali pa bedi.

“Amalume, yayaka.”

Anandifunsa ngati ndikunena gemu yomwe ija. Ndinati yomweyo. Anati adzaiona madzulo kukazizira. Azakhali ali pakhomo anati madzulo magetsi akhala atazima, ndipo anawapatsira ndodo. Tinawagwirira mpaka pampando wa pakompyuta. Anayang'ana sikirini nthawi yaitali, nkhope yosasintha. Kamunthu kaja kanali kakudikira, nthawi zina kakugogoda phazi pansi.

“Mawu ali kuti?”

Ndinafotokoza mmene ndikanathera, kuti malo ndi ochepa, mawu akalowa gemu imatuluka, ziwirizi sizikwana pamodzi.

“Ndiye si imeneyi. Yanga inkaimba.”

Anayamba kufufuza ndodo yawo. Ine, mwachizolowezi, ndinali nditayamba kale kupepesa, ndikulonjeza kuti ndiyesanso, mwina pali njira ina. Msuweni wanga anandikankha ndi chigongono n'kuima pakati pa bambo ake ndi ndodoyo. Anawafunsa kuti inkaimba nyimbo yanji. Amalume anati aiwala. Iye anati ngati aiwala ndiye iliyonse ikhoza, ndipo anayamba kuliza pakamwa, tiditi tiditi, akugwedeza mapewa. Anati akatopa iye apitiriza mwamuna wakeyu, amene mawu ake akhala akusungidwa chibadwire osagwiritsidwa ntchito. Palibe anaseka. Azakhali anabwera mwakachetechete, ananyamula dzanja lodwala lija n'kuliika pakiyibodi. Linagwera pamabatani ambiri nthawi imodzi, kamunthu n'kudumpha pamalo pomwepo.

Amalume analichotsa ndi dzanja lamanzere mwaukali, nafunsa ngati tawasandutsa chidole. Mawu awo anapotoka kwambiri chifukwa cha mkwiyo, malovu n'kudontha pakona ya mlomo. Kunja nkhuku inali kutetera. Atapuma kangapo, analankhula motsitsa, osayang'ana aliyense.

“Mwaima atatu, maso onse pa dzanja langa. Likakana, mundiuza chiyani?”

Azakhali anatola ndodo ija n'kuitsamiritsa patebulo pomwe angaifikire, natikodola kuti tituluke. Anatseka chitseko. Tinakakhala pakhonde, aliyense ndi lichero lake, kusankha timiyala mumpunga.

Chikhala kuti gemuyo inali ndi mawu, tikanadziwa zonse tili panja, kuti kamunthu kayenda, kadumpha kapena kafa. Koma munali zii. Sitinkadziwa ngati akhala pomwepo, kapena akungodikira kuti tiwabwezere kuchipinda. Msuweni wanga anafuna kusuzumira pawindo, amayi ake anamukoka chitenje. Ndinasankha mpunga womwewo kawiri osazindikira. Ndinkapemphera chamumtima kuti magetsi asazime, ndipo mbali ina ya mtima inkafuna azime kuti ndikagone.

Kiyibodi yakale ija inali yolira, batani lililonse linkamveka ngati munthu akuthyola kamtengo kouma. Patapita nthawi tinamva kamodzi. Azakhali anaimitsa manja m'lichero. Kunakhalanso chete nthawi yaitali, moti ndinayamba kukayika ngati ndinamvadi. Kenako kawiri motsatizana. Msuweni wanga ananong'ona kuti mwina ndi lamanzere. Amayi ake anamuuza kuti atseke pakamwa.

“Iwe,” anaitana amalume. “Kagwera m'dzenje. Umayambitsanso bwanji?”

Ndinalowa ndekha. Dzanja lamanja linali pakiyibodi, lamanzere litaligwira pamkono ngati mmene umagwirira mwana woyamba kulemba. Zala sizinatambasuke. Ankadina ndi mfundo ya chala cha mkombaphala, chopindika chomwecho. Malaya anali atanyowa kumsana. Sindinayang'ane dzanjalo nthawi yaitali. Ndinawaonetsa batani loyambitsiranso, ndipo anandiuza kuti ndituluke, nditseke chitseko.

Kuyambira pamenepo ntchito yanga inali kuyatsa kompyuta magetsi akakhalapo, kuwakhazika pampando, ndi kutuluka. Masiku ena ankakhala nthawi yaitali, masiku ena ankaitana posakhalitsa kuti atopa, ndipo analipo masiku omwe ankakana n'kutembenukira kukhoma monga kale. Za mawu anafunsanso kangapo, makamaka akakhala kuti sakufuna kudzuka. Ndinkayankha kuti sizikwana, ndipo ndinaleka kupepesa. Sanalole aliyense kuwaonerera. Ndikamalowa kudzazimitsa ndinkapeza kamunthu kali m'phanga loyamba lomwelo, pafupi ndi dzenje lachiwiri, ndipo sindikhulupirira kuti anadutsapo.

Mvula yoyamba isanagwe, chala chachikulu ndi chinzake choyandikana nacho zinayamba kumva. Zitatu zinazo zinauma, monga ananenera adokotala. Atapita kuchipatala tsiku lawo litakwana, anauzidwa kuti akanayamba msanga zikanakhala bwino koposa. Koma ndi zala ziwirizo ankatha kugwira sipuni, ngakhale phala lina linkatayikira pamalaya. Mabatani a malaya ankawalephera. Cholembera ankachigwira, koma zolembazo ankazing'amba asanaone aliyense.

Ine ndinabwerera kumtunda nthawi yobzala itafika, poti mayi ankafuna manja kumunda. Ndisanachoke ndinamuphunzitsa msuweni wanga kuyatsa kompyutayo ndi mawu oti alembe. Anadandaula kuti ndikumusiyira ukwati wopanda phindu. Amalume ndinakawatsanzika ali pampando wa pakhonde. Anandiuza kuti ndikapereke moni kwa mlongo wawo, ndipo ndikawauze kuti mbewu ya mpunga imene anapempha atumiza. Ndinagwada n'kupereka dzanja monga mwa nthawi zonse, ndikuyembekeza lamanzere. Anachedwa pang'ono, kenako ananyamula lamanja ndi linzake, nandigwira ndi zala ziwiri. Zinali zozizira, ndipo sizinafinye kwambiri. Ndinanyamula kachikwama kanga n'kuyamba chitunda, dzuwa lisanakwere.